Lachinayi la Amayi Eliza

Tsiku limene Isaki anabwera kuchokera ku Joni, chigwa chonse cha Domasi chinadziwa, ndi agonthi omwe. Anakhota pa Naisi ndi pikapu yoyera, hutala ikulira, kumbuyo atamangirira injini ya chigayo ngati ng'ombe yopita kumsika. Munthuyo anali atayenda, musamve zokamba. Beira anaiponda, ku Dar es Salaam anadyako mpunga wa nazi, ku Joni anayamba n'kugona pansi pa mlatho n'kumaliza ali ndi shopu yakeyake. Ndipo sankabisa ayi. Ukamupatsa moni wa m'mawa, ankakubwezera ndi mbiri ya dziko lina.

"Ine, achimwene, palibe chimene chinandikanikapo," ankatero akumenya bonati ya pikapu. "A pa boda amachita kundiitana dzina. Isaki wafika, tsegulani!"

Mvula isanagwe anali atamanga nyumba ya njerwa zootcha, mpanda wautali, geti lachitsulo, ndi chigayo pambali pake. Koma chimene chinamubweretsa kwawo sichinali chigayo. Mlongo wake Tisungeni, amene ankasunga amayi awo, anali atamwalira, ndipo amayiwo, a Eliza, anatsala okha m'kanyumba kodontha, mutu utayamba kutaya zinthu.

Adokotala ku Zomba anamuuza mosazungulira kuti awa ndi matenda oiwalitsa a ukalamba, ndipo mankhwala ochiza palibe.

"Palibe?" anatero Isaki akuseka. "Ndiye mankhwala ake ndine, adokotala. Mundione."

A Eliza pa nthawi yawo anali mtsogoleri wa amayi a Mvano ku Domasi Mishoni. M'chigwa monse munalibe khomo, la Mkhristu kapena la Msilamu, limene sanalowepo atasenza kamtolo ka nkhuni, kambale ka ufa kali m'manja. Ankasambitsa odwala, kuwatembenuza, kutsuka zilonda zimene abale ake a munthu ankathawa. Tsopano dzina la malemu amuna awo linawatayika, njira ya kuchimbudzi inawatayika, Isaki yemwe ankamutchula kuti "abambo inu". Chimene chinakana kuchoka m'mutu mwawo chinali chimodzi: Lachinayi, tsiku la Mvano.

"Lero n'Lachingati?" ankafunsa m'mawa uliwonse.

"Lolemba, amayi."

"Bodza. N'Lachinayi. Ndipatseni duku langa, kuli odwala."

Popeza mwana wamwamuna saona thupi la mayi ake, Isaki anapempha Adija, mayi wa khomo loyandikana nalo, kuti azibwera kudzawasambitsa ndi kuwaveka. Adija ankawaveka zimene ankafuna eni akewo: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera. Akavala, msana unkawongoka. Ankatola chikuni kuseri kwa khitchini, n'kudikira kuti wina atsegule geti. Isaki akatanganidwa kuchigayo, iwo kunja. Madzulo ankabwera nawo munthu, atawagwira dzanja.

"Asiyeni aziwongola miyendo," ankatero Isaki. "Ku Joni azungu amalipira kuti agogo awo aziyendetsedwa chonchi. Kuno n'zaulere!"

Kenako a Eliza anakakhala pakhonde la a Hassani, mkulu wina wogulitsa nsomba zouma amene ankatsokomola kuyambira nthawi yokolola. Anasiya chikuni pakhomo, anaimba motsitsa, anabwerako. Sabata isanathe a Hassani anawanyamula kupita kumanda. Palibe ananena kanthu, poti mkuluyo anali atadwala kale.

Koma mwezi wotsatira anakalowa kwa Zubair, mnyamata wa kabaza, n'kupeza mkazi wake Sumaiya akuyamwitsa. Anaika dzanja pamutu pa khandalo.

"Mwanayu watentha," anatero. "Musagone naye pano."

Sumaiya anaseka, poti ankadziwa kuti agogowo mutu suli bwino. M'mawa mwake mwana anayamba kukomoka. Anamwalirira m'njira, pa njinga ya bambo ake.

Apa ndi pamene chigwa chinasintha mawu. Sichinakuwe ayi, chinangotsitsa. Amayi obwera kuchigayo ankasiya kulankhula Isaki akayandikira, koma injini ikazima, mawu otsala m'malere ankamufika.

"Chigayo chosawonongeka chija, mukuti chimayendera magetsi okha?"

"Nanga amayi ake anayamba liti kusokonezeka? Si pamene mwana anayamba kulemera ku Joni kuja?"

"Iii, inu, tsitsani. Amamva ndi msana awa."

Isaki anatuluka atayera ufa mpaka nsidze.

"Amayi inu, ine chuma changa ndinachipeza ndi manja awa! Ndinasenzapo simenti mpaka khungu la paphewa kusupuka. Mukufuna muone zipsera?"

Palibe anafuna kuona. Anasenza matumba awo n'kumapita, ndipo ambiri sanabwerenso. Anayamba kukagayitsa kutali, kumbali ya Malosa, kudutsa pa geti lake osatembenuka.

Zubair anabwera yekha, masana, n'kuima kunja kwa geti osatsika pa njinga.

"A Isaki."

"Achimwene, lowani. Pepani kwambiri ndi zovuta zija, ine ndinali..."

"Sindilowa. Ndangoti ndikuuzeni. Amayi anuwo asadzapondenso pakhomo panga. Kaya n'matenda, kaya n'chiyani, mukudziwa ndinu amene munayenda. Koma asadzapondenso."

Anapalasa n'kumapita. Tsiku lomwelo Adija anafika mochedwa, n'kuima pakhomo manja ali kumbuyo.

"Achimwene, bambo a kunyumba akana. Akuti ndili ndi ana ang'ono."

"Achemwali, inunso? Inu amene mumawasambitsa? Munaonapo nyanga m'chiuno mwawo?"

"Sindinaone kanthu. Koma ine ndine wapabanja, achimwene. Mundikhululukire."

Choncho munthu amene a pa boda ankamuitana dzina anagwada m'bafa ndi beseni la madzi ofunda. Anawafunditsa amayi ake chitenje kuyambira m'khosi, n'kumalowetsa dzanja ndi kansalu pansi pake, nkhope atayang'ana kukhoma. Thupi lawo linali lopepuka ngati phesi. Pamsana anapeza kachilonda kamene sankadziwa kuti kalipo.

"Abambo inu, manja anu ndi aukali," anatero a Eliza. "Odwala sasambitsidwa ngati galimoto. Yambani kumaso, kenako m'khosi. Pang'onopang'ono."

"Chabwino, amayi."

"Amayi anu ali kuti? Sanakuphunzitseni?"

Isaki anachapa zovala zawo zam'kati n'kuziyanika kuseri, koma mpanda, ngakhale utalike bwanji, uli ndi mipata. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika pamsika: wayamba kuwasambitsa yekha, ndiye chizimba chake chimenecho. Miyala iwiri itatu inagwa padenga, malata n'kulira. Atatuluka anapeza msewu uli zii.

Pamenepo ndi pamene Isaki anaganiza nzeru imene anaiyesa ya munthu woyenda. Loko amayi ake ankamuzemba, mpanda ankauzungulira mpaka kupeza polowera kuchigayo. Koma wa Mvano sapita kukazonda odwala osavala yunifolomu. Ukachotsa yunifolomu, wachotsa Lachinayi! Anadziombera m'manja yekha. Anapinda bulauzi, siketi ndi duku, n'kuzibisa kuseri kwa mpando wa pikapu. M'malo mwake anatulutsa chitenje chamaluwa ofiira chimene anagula ku Dar es Salaam.

"Lero n'Lachingati?"

"Lachiwiri, amayi. Onani chitenje ichi, cha kunja. M'chigwa muno palibe wina ali nacho."

"Duku langa lili kuti?"

"Lachapidwa."

A Eliza anafufuza pansi pa bedi, m'dengu, m'mphika. Analira ngati mwana wolandidwa chinthu. Kenako anangokhala pampasa, ndipo masiku angapo sanayandikire geti. Phala ankalandira masipuni awiri n'kutseka pakamwa. Isaki anaona kuti akuwonda, koma anadziuza kuti bola ali m'kati.

Lachisanu magetsi, amene anali atazima kuyambira dzana, anabwera dzuwa lili pamutu. Panali amayi ochepa ochokera kumtunda, kumene nkhani inali isanafike, atakhala pa matumba awo kudikira. Isaki anasuzumira m'chipinda, anaona amayi ake atagona, n'kuthamangira kuchigayo. Injini inabangula. Lamba anazungulira. Kwa kanthawi anamva ngati ndi Isaki wakale, mpaka anayamba kuwasimbira amayiwo za chigayo cha ku Beira chachikulu ngati tchalitchi.

Atazimitsa, anazungulira kuseri kukatenga matumba opanda kanthu amene ankaunjika pafupi ndi kakhomo kolowera kunyumba. Kakhomoko kanali pululu. Pansi, pa fumbi, panali chitenje chamaluwa ofiira. Pambali pake panali kamisolo ka amayi ake. Mulu wa matumba oyera unali utagumuka.

Asanaganize n'komwe, anamva phokoso kumunsi, kumbali ya mzikiti. Silinali la mpira, silinali la ukwati. Isaki analimvapo phokoso lotere kamodzi, ku Joni, tsiku limene anthu anagwira munthu pa siteshoni, ndipo anadziwa kuti likamveka chonchi, lili ndi munthu pakati.

Pikapu inadumpha mizere ya chinangwa ngati mbuzi. Pakhomo pa Zubair anthu anali atazinga. Amuna anali atangotuluka ku swala, mapemphero a Lachisanu, mikanjo ili yoyera, zisoti zili kumutu. Amayi anaima chapatali atagwira pakamwa.

"Mfiti yagwa masanasana!"

"Yabwerera mkazi tsopano! Mwana sanaikwane!"

Pakhonde panali chinthu chimene Isaki mwini, kwa kamphindi, anachiopa. A Eliza anali atavula zamaluwa zija, poti ku Mvano sapita ndi zamaluwa. Anasowa choyera, ndiye anadzikulunga thumba la ufa pachifuwa, lina long'ambika n'kumanga kumutu. Ufa unawayeretsa nkhope, mikono ndi miyendo, thumba lija n'kumatseguka m'mbali. Ankaoneka ngati munthu wofukuka ndi nsanda yake. Pachipumi panali magazi, pamene chibuluma choyamba chinafikira. Chikuni chawo anali atachiika bwinobwino pafupi ndi chitseko, ndipo ankaimba motsitsa.

Patsogolo pa onse panaima Zubair, m'manja muli mwala wa kumtsinje, wosalala, wodzaza chikhatho.

"Ndinakuuzani, a Isaki," anatero osakweza mawu. "Ndinachita kubwera ndekha."

"Amene aponye aona!" anakuwa Isaki akutsika. "Ine ndili ndi manambala a akuluakulu mufoni umu! Ine ndinayenda, ndikudziwa malamulo!"

"Tikudziwa kuti munayenda!" wina anayankha kumbuyo. "N'kumene munakazitenga!"

Gulu linasuntha phazi limodzi kutsogolo. Isaki anayang'ana amayi ake, anayang'ana matumba aja, ndipo anazindikira chimene anachita. Miyezi yonseyi a Eliza ankayenda m'chigwa muno anthu akunong'ona, koma palibe anatola mwala, chifukwa ankaona duku. Iye ndi nzeru zake za ku Joni ndi amene anawavula.

Anabwerera kupikapu. Ena anaganiza kuti akukatenga chikwanje, n'kubwerera m'mbuyo. Anatulutsa kamtolo ka zovala, anadutsa pafupi ndi Zubair mpaka mapewa kukhudzana, anakwera pakhonde n'kugwada.

"Amayi, duku lanu lauma."

Kuimba kunaleka.

"Mwachedwa nalo, abambo inu."

"Pepani. Kwezani manja."

Anayamba kumasula thumba la pachifuwa. Apa panachitika chimene Isaki sanachiganizire. Mkulu wina wa ndevu zoyera, amene anali kutsogolo, anati "Astaghafiru," n'kutembenuka kuyang'ana kumsewu. Woyandikana naye anatembenukanso. Amuna ongochoka kopemphera sakanaima n'kumayang'ana mayi wachikulire akuvula. Mmodzimmodzi anapereka misana, ena akung'ung'udza, ndipo munthu saponya mwala kumene sakuyang'ana. Zubair yekha sanatembenuke, koma maso anagwetsa pansi.

Mabatani a bulauzi ankamupulumuka Isaki. Kenako chitenje chinatambasuka pakati pa iye ndi gulu. Anali Adija, atavula chapamwamba chake n'kuchigwira ngati katani.

"Mwayamba ndi batani lolakwika, achimwene," anatero. "Sunthani. Inu pukutani magaziwo."

Chitenje chitatsika, pakhonde panaima a Eliza a Mvano, duku lili mbee, msana uli chilili. Anayang'ana khamu lija ngati ana ochedwa ku Sande sukulu.

"Odi kuno! Nanga anthu onsewa mwangoima panja ngati pamsika? Chitseko chotseka dzuwa lili pamutu, moto wosakoleza, mbale za dzulo nkhuku zikujompha, inu osaona? Muli wodwala muno." Anatembenukira kwa Zubair. "Iwe si mwana wa Fauzia iwe? Ndinakusambitsa uli ndi chikuku, ukundikodzera. Tsegula."

"Mkazi wanga sakudwala," anatero Zubair. "Akulira mwana. Amangogona."

Adija sanadikire chilolezo. Anakankha chitseko n'kulowa. Panapita kanthawi, kenako mawu ake anatuluka osweka.

"Zubair! Sakuyankha! Thupi lili ngati mbaula!"

Gulu linang'ung'udza, ndipo Isaki anamva bwinobwino kuti kung'ung'udzako kunali pawiri. Ena ankati agogowa aona zimene ife sitinaone. Ena ankati mwaona, ayamba kale.

"Pikapu iyo," anatero Isaki. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sanawonjezere mawu ena.

Anamugoneka Sumaiya pa matiresi kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya Adija. A Eliza anakhala kutsogolo, pakati pa mwana wawo ndi Zubair, manja ali pamaondo. Anadutsa Naisi, anakwera chitunda cha ku Zomba. Posintha giya Isaki anaona kuti mwala uja Zubair akadali nawo m'manja.

Kuchipatala anati ndi malungo aakulu, ndipo anamugoneka. Dzuwa likupendeka Zubair anabwerera nawo kudzatenga zofunda. Anatsikira pa geti la Isaki, analowa m'mpanda momwe anakana kulowa kale, n'kuika mwala uja pakhonde, pakona.

"Ukhale apa," anatero. "Mkazi wanga akadzuka, tidzaona. Akapanda kudzuka, ndikudziwa pamene ndausiya."

Isaki akanatha kunyamula amayi ake n'kuthawira nawo ku Blantyre. Anaganizapo, mpaka anathira mafuta n'kukweza chikwama m'pikapu. Koma ku Blantyre mayi wovala zoyera wogogoda pamakomo a eni ndani akanamudziwa? Kuno kokha ndi kumene kunali anthu amene anawasambitsapo. Anatsitsa chikwama.

Kuyambira pamenepo, akafunsidwa tsiku, ankayankha kuti n'Lachinayi. Ankawaveka yekha, batani loyamba pabowo loyamba. Chigayo ankatsegula masana okha. M'mawa anthu ankaona a Eliza patsogolo, pambuyo pawo munthu wa ku Joni atanyamula chikuni. Makomo ena ankatsekeka iwo akali patali, amayi akukokera ana m'nyumba. Ena ankatseguka pang'ono. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu, Isaki ankaima n'kutchera khutu, kuti amve ngati pambuyo pake pakubwera kulira maliro a Sumaiya.

Patapita masiku Sumaiya anabwera ndi minibasi, wowonda ngati bango, koma akuyenda yekha. Isaki atamva, chifuwa chinabwerera m'malo mwake. Ananyamula mwala uja n'kupita nawo kwa Zubair, akuuponya m'mwamba n'kuuwakha.

"Achimwene! Katundu wanu uyu. Ndinakuuzani ine, pikapu imene ija inadutsapo Tete madzi ali m'mawindo, ikanalephera Zomba?"

Zubair ankapopa tayala la njinga. Sanaseke.

"Zikomo chifukwa cha galimoto, a Isaki. Ine ndilibenso nanu mawu." Anapitiriza kupopa. "Koma mwalawo bwererani nawo. Mvula ikubwera, udzudzu uchuluka. Amayi anu alowa makomo ambiri mwezi uno, ndipo si onse adzadzuke. Tsiku limenelo woponya sindidzakhala ine. Ndangoti muziuona, musaiwale."

Isaki anabwerera nawo. Mitambo inali itaunjikana pamwamba pa phiri la Zomba, yakuda bii, mphepo ikununkha dothi. Anapeza amayi ake pakhonde, mapazi ali m'beseni momwe anawasiya. Ataona mwalawo maso awo anawala.

"Eya, abambo inu, mwaganiza bwino. Wa kumtsinje ndi umene umachotsa ming'alu. Bweretsani kuno."

Anagwada, anaika phazi lawo pabondo pake, n'kuyamba kukwecha chidendene pang'onopang'ono, monga anamuphunzitsira. Kumunsi kwa chigwa, kutsidya la mtsinje, kunali nyumba ina imene chitseko chake chinali chotseka chiyambire m'mawa, utsi osatuluka. Isaki anali ataiona kale. Anasuntha kuti aitchinge ndi msana, koma a Eliza anasuzumira pamwamba pa phewa lake.

"Mawa n'Lachingati?"

"Lachinayi, amayi."

"Ndiye mundidzutse msanga. Tiyambira uko."

Dontho loyamba linagwa pa malata, ndipo Isaki anadzidzimuka, kuyesa mwala.